Malo wapeza, fizi palibe: mtunda umene mwana wa mmphawi amakwera kuti akhale namwino

Dzuwa lisanatuluke bwino kuseri kwa mapiri a Chipata, msika wa Kapata wadzuka kale. Anyamata a njinga akutsitsa madengu a tomato ndi mitolo ya repu, amayi akuwaza madzi pa ndiwo zamasamba kuti zisafote, ndipo fungo la vitumbuwa likulimbana ndi utsi wa njinga zamoto.

Pakona, pa kashopu kochita fotokope, pali mzere. Ambiri ndi achinyamata, aliyense wakumbatira envulopu yakhaki pachifuwa.

Mtsikana wina wafika kutsogolo. Akutulutsa mapepala ake limodzilimodzi: satifiketi ya Giredi 12, chitupa cha NRC, kalata ya anyakwawa yochitira umboni kuti bambo ake anamwalira, kalata ya abusa. Pansi pa onsewo pali pepala limene walikulunga m'pulasitiki kuti lisanyowe ndi thukuta. Ndi kalata yochokera kukoleji ya unamwino. Wapeza malo.

Magetsi athima. Mwini shopu wanena kuti akaliza jenereta, mtengo wa tsamba lililonse ukwera. Mtsikanayo wadumpha kangalande, wapita pa benchi pamene mayi ake akugulitsa mtedza ndi kapenta.

"Amayi, akuti ndiwonjezere."

"Dikira, mwanawe. Sindinagulitse kanthu."

Patapita kanthawi mayiyo amasula mfundo ya chitenje, atulutsa ndalama imene anasungira ndiwo zamadzulo. Mapepala ajambulidwa. Kwatsala kukadinditsa, kukapereka, ndi kudikira yankho. Fizi yeniyeniyo sanaikhudze n'komwe.

Umphawi nawonso umafuna umboni, ndipo umboniwo ndi wogula.

Zimene zikuchitika pa benchi imeneyi zikuchitikanso ku Mchini, ku Nabvutika, ku Magazine, ndi m'midzi ya ku Luangeni, Kasenengwa ndi Chipangali. Zotsatira za mayeso zikatuluka, m'nyumba zambiri masana kumamveka nthungululu, usiku tulo osabwera.

Mwana wakhoza. Alipira ndani?

Sukulu yaulere imathera pa Giredi 12

Mu Januwale 2022 boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linachotsa fizi m'sukulu zaboma kuyambira kumkaka mpaka Giredi 12. Ana amene anali atakhala pakhomo anabwerera m'kalasi mwaunyinji, mpaka madesiki anachepa. Mwana wa wogulitsa makala, amene kale akanalekezera pa Giredi 9, tsopano akufika pa mayeso omaliza a Examinations Council of Zambia limodzi ndi mwana wa aphunzitsi.

Chaka chomwecho boma linalemba ntchito anthu 11,276 a zaumoyo nthawi imodzi. Mayina anatuluka m'manyuzipepala, anthu n'kumatumizirana pamafoni. Kuno ku Chipata pafupifupi aliyense anamva za mwana wa auje amene anamutumiza ku chipatala chakuti. Makolo ambiri anayamba kuona unamwino ngati ntchito imene ingawombole banja lonse.

Makoleji nawonso sali kutali. Pafupi ndi Chipata Central Hospital pali Chipata College of Nursing and Midwifery. Cha kumalire a Malawi, chipatala cha Mwami cha mpingo wa Seventh-day Adventist chakhala chikuphunzitsa anamwino kwa zaka zambiri. Ku Katete kuli St Francis', chipatala choyendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika, chimenenso chili ndi sukulu yake. Palinso makoleji omwe si aboma, amene achuluka kwambiri m'dziko muno m'zaka zaposachedwa.

Zofunika polowa n'zodziwika: makirediti asanu pa mayeso a Giredi 12, ndipo mwa amenewo mukhale Chingerezi, masamu ndi sayansi. Amene masamu anamuvuta amabwereza kudzera m'mayeso a GCE, zimenenso zimafuna ndalama. Dipuloma ya Registered Nursing imatenga zaka zitatu.

Mtsikana wa ku Hillside kapena St Monica's, mnyamata wa ku Chizongwe kapena Anoya Zulu, ngakhale mwana wa sukulu yoyendera ya kumudzi yopanda labotale, amatha kukwaniritsa zonsezi. Mutu ulipo, khama lilipo.

Dziko lamulera zaka 12, kenako lamutaya panjira. Zili ngati mlimi amene wagula mbewu, wathira feteleza, wapalira kawiri, n'kuusiya munda chimanga chikumasula.

Mndandanda wa kumbuyo kwa kalata

Kalata yoitana siibwera yokha. Imabwera ndi mndandanda.

Fizi ya maphunziro. Malo ogona ndi chakudya. Yunifomu, nsapato, wotchi yapachifuwa. Choyezera kutentha kwa thupi, choyezera BP, chomvera m'chifuwa. Mabuku, mapepala, zofunda, ndowa. Ndalama yolembetsera dzina ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, bungwe limene lamulo la mu 2019 linaika m'malo mwa General Nursing Council, ndipo wosalembetsa kumeneko sangalembe mayeso opezera chiphaso cha ntchito. Ikafika nthawi yokaphunzira m'mawodi ndi m'zipatala za kumidzi, pamafunikanso thiransipoti ndi chakudya cha kumeneko.

Tsopano tione thumba la banja.

Mu 2025 Food Reserve Agency inkagula chimanga pa K340 thumba la makilogalamu 50. Mlimi wogulitsa matumba 20, amene kumudzi amati chaka chino wakolola, amalandira K6,800. Pa ndalama imeneyo pachoke feteleza wa dzinja likubwerali, sopo, mchere, nsapato za ana ena. Ngakhale itaperekedwa yonse osachotsapo ngwee, singakwanire chaka chimodzi cha fizi, malo ogona ndi zida.

Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Kalongwezi, ngati abwana ake akutsata lamulo, amalandira K1,300 pamwezi, malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa kuyambira mu Januwale 2024. Lendi, ufa ndi makala zikadyapo, chotsala n'chongogulira sopo.

Kafukufuku wa Zambia Statistics Agency wa mu 2022 anapeza kuti anthu 60 mwa 100 alionse m'dziko muno ndi osauka, ndipo kumidzi chiwerengerocho chimafika pafupifupi 79. Pamwamba pa zimenezo panagwa chilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapserera m'minda. Chigawo cha Kummawa, chimene chimadyetsa dziko ndi chimanga, mtedza ndi mpendadzuwa, sichinapulumuke. Mbuzi ndi ng'ombe zimene mabanja anasungira sukulu ya mwana zinapita ku ufa.

Anamwino achikulire amene anaphunzira m'nthawi ya Kenneth Kaunda anakulira m'dziko losiyana ndi lino. Panthawiyo boma ndilo linkalipira maphunziro, ndipo mwana wa kumudzi ankapita kusukulu ya unamwino ndi kasutikesi kokha. Zinasintha m'zaka za m'ma 1990, chuma chitagwa, pamene panakhazikika mfundo yakuti banja lizigawana ndi boma mtengo wa maphunziro. Kwa banja lokhala ndi malipiro a pamwezi, kugawanako n'kotheka. Kwa mayi wa pabenchi, gawo lake lokhalo limaposa zonse zimene amapeza pachaka.

Thandizo lilipo, koma lili ndi malire ake

Mwana akayamba kufunsa za bursary, dzina loyamba limene amamva ndi HELSB, Higher Education Loans and Scholarships Board, imene lamulo la mu 2016 linaika m'malo mwa Bursaries Committee yakale. Ndalama ya HELSB kwa ophunzira a m'dziko muno ndi ngongole, yobweza munthu akamaliza, ndipo imapita kwa ophunzira a m'mayunivesite aboma. Wofuna digiri ya unamwino ku University of Zambia angathe kupempha. Koma yunivesite imeneyi ili ku Lusaka, makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata, ndipo malo ake amalimbiranidwa ndi ana okhoza kwambiri a dziko lonse.

Wa dipuloma pa koleji ya pafupi ndi kwawo sali m'gulu limeneli.

Dzina lachiwiri ndi CDF, thumba lachitukuko la dera la phungu. Mu 2022 thumbali linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mwa madera 156 a panthawiyo, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Malamulo ake anapatula gawo limodzi mwa magawo asanu kuti likhale la ma bursary: la ana osauka a m'sekondale zogonera komweko, ndi la achinyamata azaka 16 mpaka 35 ofuna kuphunzira ntchito zamanja. Fomu imayambira ku Ward Development Committee, n'kupita ku komiti ya CDF ndi kukhonsolo.

Ndalama imeneyi yasintha miyoyo, ndipo tiyenera kunena zimenezo poyera. Ku Chipata Trades Training Institute kuli achinyamata ophunzira zamagetsi, zomangamanga, ukalipentala ndi umakaniko amene pakanapanda CDF bwenzi akupalasa kabaza mpaka mawondo kutha.

Koma malamulo a mu 2022 anamangirira thandizoli ku makoleji ovomerezedwa ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi ku Zambia National Service. Unamwino suli pansi pa TEVETA. Uli pansi pa Nursing and Midwifery Council. Motero ana awiri a nyumba imodzi, wina wofuna kuwotcherera zitsulo, wina wofuna uzamba, anapeza kuti boma lili ndi fomu ya woyambayo yekha.

Malo achitatu ndi ofesi ya Social Welfare, pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu. Ofesiyi, pamodzi ndi makomiti ake a m'midzi ndi m'makomboni, ndiyo imadziwa mabanja ovutikitsitsa, olandira Social Cash Transfer. Ndondomeko ngati Keeping Girls in School zathandiza atsikana ambiri a m'mabanja amenewa, koma cholinga chake chachikulu ndi sekondale. Kwa wofuna koleji, chamtengo wapatali chimene ofesiyi ingapereke ndi kalata yotsimikiza kuti banjalo ndi lovutikadi. Kalata yotere imamveka kwa othandiza ambiri.

Otsala ndi mipingo, mabungwe ang'onoang'ono, amalonda okoma mtima, ndi abwenzi akunja a zipatala zina za mishoni amene amalipirira ophunzira ochepa. Thandizo lotere sililengezedwa kutali. Limamveka pa guwa la tchalitchi, pa bolodi ya koleji, m'gulu la WhatsApp la anthu odziwana. Mwana wa mkulu wa mpingo kapena mphwake wa namwino amalimva msanga. Mwana woleredwa ndi agogo ku Chipangali, wopanda foni ya intaneti, amadzamva tsiku lotsekera litadutsa.

Woyamba kumva ndiye woyamba kuthandizidwa, ngakhale wovutikitsitsa ali kumbuyo.

Kulemba umphawi papepala

Aliyense wopereka ndalama amafuna kutsimikiza kuti sakunamizidwa, ndipo n'zomveka. Koma mapepala amene amafunsa ndi amene mmphawi weniweni amasowa.

Fomu imafuna satifiketi ya imfa ya kholo. Kumudzi munthu akamwalira pakhomo amaikidwa mawa lake, ndipo ambiri salembetsedwa kuboma. Chotsala ndi kalata ya anyakwawa kapena ya amfumu, imene ena amailandira, ena amaikana. Fomu imafuna makope otsimikizidwa ndi chidindo, ndipo chidindo chili m'tauni. Fomu imafuna zithunzi, envulopu, nthawi zina kutumiza pa intaneti.

Palinso amene fomu siiwadziwa. Pali bokosi la wamasiye wa kholo limodzi ndi la wamasiye wa makolo onse. Nanga mwana amene bambo ake ali moyo koma anapita ku Lusaka kapena ku Joni zaka khumi zapitazo osayang'ananso kumbuyo? Nanga amene makolo onse alipo, koma wina ndi wodwala, winayo amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu? Papepala ana amenewa amaoneka ngati ali ndi owasamala.

M'mizere ya m'maofesi muli mawu amene aliyense wopempha amawaloweza: "Bwerani mawa." "Mafomu atha." "Abwana apita kumsonkhano." Kwa wokhala ku Kapata, mawa ndi ulendo wapansi. Kwa wochokera ku Kasenengwa, mawa ndi nkhuku ina yogulitsidwa kuti apeze ya galimoto.

Kenako pali kalata yopempha, imene mwanayo ayenera kulemba yekha. Apa ambiri amagwa ndi manyazi. Tinaleredwa kuti za m'nyumba sitiulula kwa alendo, kuti ngakhale mwagona ndi njala, m'mawa mumasamba n'kudzola mafuta. Mwana wotere akauzidwa kuti afotokoze mavuto a kwawo, amathawira ku Chingerezi chokometsera chokopera pa intaneti, ndipo komiti imalandira makalata ofanana ngati analemba munthu mmodzi.

Kalata imene imagwira mtima wa owerenga ndi yonena zoona mosapita m'mbali. Pakhomo pali anthu angati. Ndalama imalowa kuchokera kuti, ndipo ndi zingati pamwezi kapena pachaka. Anamulipirira ndani mpaka pano, ndipo n'chifukwa chiyani sangapitirize. Koleji ikufuna zingati, banja lingasonkhe zingati, zikuperewera zingati. Chinamukokera ku unamwino n'chiyani, ndipo akamaliza akufuna kukatumikira kuti. Mwana amene anasamala agogo ake odwala kwa zaka, kapena amene anaona mlongo wake akuvutika pobereka m'ngolo ya ng'ombe, ali ndi nkhani yoposa mawu onse a pa intaneti. Angoilemba mmene inachitikira.

Vuto lomaliza ndi nthawi. Koleji imapereka tsiku lofikira, ndipo imafuna gawo la fizi pa tsikulo. Othandiza amayankha patapita miyezi. Pakati pa masiku awiriwa malo ambiri amatayika. Ochepa okha ndi amene amadziwa kuti angathe kulembera akuluakulu a koleji kupempha kuti awasungire malo mpaka gulu lotsatira, kapena kuti azilipira pang'onopang'ono. Sikuti pempho lililonse limavomerezedwa, koma amene wangokhala chete ndiye wataya kale.

Mbumba ikakhala pansi

Maofesi akalephera, nkhani imabwerera kumudzi. Mwa Achewa, amalume ndiwo mwini mbumba, ndipo kalata ya kukoleji imakafika m'manja mwawo. Mwa Angoni amaitana abambo aang'ono ndi azakhali. Pamakhala msonkhano, wina n'kukumbutsa anzake kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Uyu alonjeza mbuzi, uyo matumba awiri a mtedza, wa m'tauni alonjeza kutumiza pa foni mwezi ukatha.

Amayi a pamsika ali ndi chilimba chawo, ndipo si zachilendo kuti gulu livomereze kuti amene mwana wake wapeza malo alandire msanga nthawi yake isanakwane. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama nawonso apititsa ana ambiri kukoleji. Zonsezi zikakanika, pamatsala kaloba, ngongole imene chiwongoladzanja chake nthawi zambiri chimafika theka la ndalamayo pamwezi umodzi. Njinga, makina osokera, ngakhale mapepala a puloti amapita pachikole.

Temu yoyamba imalipiridwa ndi chisangalalo. Choopsa ndi chaka chachiwiri.

Pofika apo mbuzi zatha, amalume ali ndi maliro awo, wa m'tauni wasiya kuyankha foni. Wophunzira amene wadziwa kale kubaya jakisoni, kutsuka bala ndi kuyeza mayi woyembekezera amauzidwa kuti sakhala pa mayeso mpaka ngongole ithe. Ena amabwerera kwawo ndi yunifomu m'chikwama. Ndalama yonse imene mbumba inasonkha yapita, chiphaso palibe. N'chifukwa chake wothandiza wanzeru amalonjeza zaka zitatu zonse kwa mwana mmodzi, m'malo mogawira ana khumi temu imodzi n'kujambulitsa chithunzi.

Kwa atsikana pali msampha wina. Kafukufuku wa zaumoyo wa Zambia Demographic and Health Survey wa mu 2018 anapeza kuti m'Chigawo cha Kummawa atsikana pafupifupi 4 mwa 10 alionse azaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, pamene m'dziko lonse anali 29 mwa 100. Dziko lalimbana nalo vutoli. Kuyambira mu 1997 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ngakhale ukwati wachikhalidwe usamachitike munthu asanafike zaka 18. Mafumu monga Kalonga Gawa Undi, Inkosi ya Makhosi Mpezeni ndi Mfumu Madzimawe alankhula molimba, ndipo atsikana ambiri achotsedwa m'maukwati n'kubwezeredwa m'kalasi.

Mtsikana wotere akamaliza Giredi 12 n'kusowa fizi ya koleji, amene amabwera ndi ndalama m'manja nthawi zambiri ndi mwamuna wamkulu wolonjeza kumuphunzitsa. Mtengo wake aliyense amaudziwa. Tinamupulumutsa ali ndi zaka 15, tikumuperekanso ali ndi zaka 19.

Akuba nawonso amanunkhiza pamene pali kusimidwa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zilengezo za ma bursary a kunja ndi malo otsimikizika m'makoleji aboma, zonse zothera pa mawu amodzi: tumizani ndalama ya fomu pa nambala iyi ya Airtel Money kapena MTN. Bursary yeniyeni siifuna kuti mmphawi atumize ndalama pa nambala ya munthu. Palinso makoleji amene amalandira ophunzira pa maphunziro osavomerezedwa, ndipo banja limadzazindikira mwana atatsala pang'ono kumaliza. Banja lisanapereke ngwee, lifunse ngati Nursing and Midwifery Council inavomereza kolejiyo ndi maphunziro enieniwo.

Kodi anamwino sanachuluke kale?

Pali amene amafunsa kuti n'kulipiriranji anamwino ena pamene omaliza kale ali pakhomo. Funsoli lili ndi mutu. Anamwino ambiri okhala ndi ziphaso akugwira ntchito yongodzipereka m'zipatala, opanda malipiro, podikira kuti boma lilengeze zolemba ntchito. Kolera itabuka kumapeto kwa 2023 n'kukula mu Januwale 2024, bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka linasandutsidwa chipatala, ndipo ena mwa amene anasamala odwala kumeneko usana ndi usiku anali odzipereka otere.

Koma anamwino kukhala pakhomo sikutanthauza kuti odwala achepa. Yachepa ndi ndalama yowalembera ntchito. Mu 2023 World Health Organization inaika Zambia pa mndandanda wa mayiko 55 amene ali ndi kuchepa kwakukulu kwa ogwira ntchito zaumoyo, limodzi ndi Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Amene anafikapo pa kachipatala ka kumudzi ku Vubwi, ku Chadiza kapena kuchigwa cha Luangwa ku Mambwe safuna mndandanda kuti adziwe zimenezi. Namwino mmodzi kapena awiri, m'mawa sikelo ya ana, masana mzere wa malungo, usiku kudzutsidwa ndi mayi wofika pangolo matenda atayamba kale.

Amene amakhazikika m'malo otere ndi ndani? Bungwe lomwelo la WHO, m'malangizo ake a mu 2010 amene linawakonzanso mu 2021, linalimbikitsa mayiko kuti azisankha dala ophunzira ochokera kumidzi, chifukwa ndi amene amabwerera kukagwira ntchito kumidzi n'kukhalitsa. Mwana wokulira ku Chipangali saopa nyumba yopanda magetsi. Amamva Chinyanja, Chinsenga kapena Chitumbuka cha agogo amene akufotokoza ululu mozungulira. Amadziwa kulankhula ndi anamkungwi ndi anyakwawa kuti mayi apite kuchipatala nthawi ikadalipo.

Tikalola kuti fizi isankhe amene akhale namwino, tidzakhala ndi anamwino ambiri odikira malo m'tauni, zipatala za kumidzi zili zopanda anthu.

Zimene zingachitike

Kwa mwana ndi makolo, ntchito iyambe Giredi 12 isanathe. NRC imatengedwa munthu akakwanitsa zaka 16, asadikire zotsatira. Kalata ya anyakwawa, ya sukulu, ya mpingo ndi ya Social Welfare zisonkhanitsidwe msanga, makope adindidwe angapo nthawi imodzi, ndipo pepala loyambirira lisasiyidwe m'manja mwa munthu aliyense. Malamulo a ma bursary amasintha, motero afunse ku ofesi ya wodi ndi kukoleji zimene chilengezo cha chaka chimenecho chikunena. Apemphe malo ambiri, osati amodzi. Akapereka fomu, alembe tsiku ndi dzina la ofesi, ndipo abwererekonso kukafunsa.

Aphunzitsi a kusekondale angathandize kwambiri pongopatula masana amodzi kuphunzitsa ana a Giredi 12 kalembedwe ka kalata yopempha. Anamwino amene ali pantchito, makamaka amene nawonso anaphunzira ndi ndalama yosonkha, angatenge mwana mmodzi wa kwawo n'kumuyendetsa m'maofesi.

Makhonsolo angathe kusonkhanitsa pamodzi mayina a onse opereka thandizo m'boma lawo, ndi masiku otsekera, n'kuzimata pa ofesi ya wodi iliyonse ndi kuzilengeza m'Chinyanja pa Breeze FM ndi Radio Maria. Mayina a osankhidwa nawonso azimatidwa poyera, kuti madandaulo akuti amasankhana pachibale athe kapena atsimikizike. Makoleji angathe kuyala masiku olipira molingana ndi nyengo yogulitsa mbewu, pakuti mlimi amakhala ndi ndalama mu Ogasiti, osati mu Januwale.

Koma chachikulu chili m'manja mwa boma. Pakufunika bursary yodziwika bwino ya ophunzira osauka a dipuloma ya unamwino ndi uzamba, kaya kudzera mu CDF, kaya mu Unduna wa Zaumoyo, kaya pokulitsa ngongole za HELSB kuti zifike ku makoleji aboma ndi a mishoni. Ikhale ya zaka zitatu zonse. Ikhale ndi pangano lakuti wothandizidwayo akatumikira zaka zingapo ku chipatala cha kumudzi m'chigawo chake, ndipo boma nalo lisunge mbali yake pomulemba ntchito. Dera la phungu limene mu 2025 linalandira K36.1 miliyoni silingalephere kuphunzitsa ana ochepa chaka chilichonse oti adzagwire ntchito m'zipatala zomwezo zimene CDF ikumanga. Chipinda cha amayi oyembekezera chopanda mzamba ndi khoma ndi malata basi.

Malire amene akusiya unamwino panja analembedwa ndi anthu, ndipo anthu angathe kuwalembanso. Aphungu a ku Chipata ndi a chigawo chonse ali ndi mipando ku Nyumba ya Malamulo. Makhansala amakhala m'misonkhano imene imagawa ndalama zimenezi. Amabwera kumaliro athu, kumatchalitchi athu, ku Nc'wala ndi ku Kulamba, ndipo amayankha mafoni pa wailesi.

Tikakumana nawo, tiwafunse funso limodzi, ndipo tisachoke mpaka atatchula chaka ndi mwezi: mwana wa mmphawi amene wakhoza unamwino adzayamba liti kupeza fomu yake?